Joe Louis, Ngwazi ya Nkhonya, ndi Mdani Wake Max Schmeling

Joseph Louis Barrow adabadwa pa 13 Meyi, 1914, kufupi ndi kamzinda ka LaFayette m'chigawo cha Alabama, kumwera kwa dziko la America. Adali wachisanu ndi chiwiri mwa ana asanu ndi atatu a Munroe Barrow ndi mkazi wake Lillie. Agogo ake adakhalapo akapolo. Makolo ake ankalima thonje pa nthaka ya eni, ndipo pokolola gawo la dzinthu linkanka kwa mwini malo. Anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo, amene makolo awo adasenza thangata m'minda ya Azungu, sasowa wowamasulira umoyo wotere: munthu alima chaka chathunthu, thukuta kamukamu, koma ngongole yake kwa mwini malo siitha ayi.

Mwanayo ali ndi zaka ziwiri, atate ake adadwala misala natengedwa kunka ku chipatala cha boma, kumene sadabwereko. Lillie adamva kuti mwamuna wake wamwalira, nakwatiwanso ndi Pat Brooks, chikhalirecho Munroe adali moyo kufikira 1938. M'chaka cha 1926 banja lonse lidasamukira kumpoto, ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto, monga ankachitira anthu akuda ambirimbiri othawa nkhanza za kumwera.

Joe adali mnyamata wachibwibwi, wosakonda kulankhula, ndipo sukulu siidamuyendere bwino. Ankagwira ganyu yosenza zidutswa zikuluzikulu za ayezi kukwera nazo m'nyumba zosanjikizana, ndipo pambuyo pake adagwirako ntchito pa fakitale ya Ford. Amayi ake ankamupatsa ndalama kuti aphunzire kuliza vayolini, koma iye ankapita nazo ku bwalo la Brewster kumene anyamata ankaphunzira nkhonya. Pa nkhonya yake yoyamba adagwetsedwa kasanu ndi kawiri ndi Johnny Miler. Wina akadalekera pomwepo. Iye adabwerera ku bwalo, ndipo pofika 1934 adali atapambana anzake onse a msinkhu wake mwa omenya nkhonya zosalandirapo malipiro. Pa 4 Julayi chaka chomwecho, ku Chicago, adamenya nkhonya yake yoyamba ya ndalama, nagwetsa Jack Kracken m'ndime yoyamba. Dzina la Barrow adali atalisiya kale. Dziko lidamudziwa ndi dzina loti Joe Louis.

Panali chopinga chimodzi chimene nyonga sizikadachotsa. Munthu wakuda woyamba kukhala ngwazi ya dziko lonse pa gulu la amuna olemera kwambiri adali Jack Johnson, amene adasunga ulemuwo kuyambira 1908 mpaka 1915. Johnson ankaseka adani ake akagwa, adakwatira akazi achizungu, ndipo Azungu ambiri adadana naye kotheratu. Iye atagonja, padapita zaka 22 popanda wakuda wina kuloledwa kulimbirana lamba uja. Akulu oyang'anira Joe, John Roxborough ndi Julian Black, pamodzi ndi mphunzitsi wake Jack Blackburn, onsewo anthu akuda, adamuikira malamulo okhwima: asanyadire pa mdani wogwa, asajambulitse ndi mkazi wachizungu, asalowe yekha m'malo a zakumwa usiku, nkhope yake ikhale phee pamaso pa anthu. Ena lero amati malamulowo adali omuchepsa, ndipo sanama; komabe popanda iwo khomo silikadatseguka.

Mu Juni 1935 adagonjetsa chimphona cha ku Italy, Primo Carnera, m'ndime yachisanu ndi chimodzi. Apo n'kuti Mussolini akukonzekera kuthira nkhondo dziko la Ethiopia, ndipo anthu akuda adaiona nkhonyayo ngati kubwezera kwa Africa. Mu Seputembala adakwatira Marva Trotter madzulo, ndipo usiku womwewo adagwetsa Max Baer m'ndime yachinayi. Anthu adayamba kuyesa kuti palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene angaime pamaso pake.

Tsono ndipo adatulukira Max Schmeling. Mjeremaniyu adabadwa pa 28 Seputembala, 1905, ku Klein Luckow, nakulira ku Hamburg. Adakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1930, Jack Sharkey atamumenya pansi pa lamba, chimene malamulo amaletsa, ndipo Sharkey yemweyo adamulanda ulemuwo mu 1932. Pofika 1936 adali ndi zaka 30, ndipo ambiri adamuyesa wotha ntchito. Koma adali munthu wofatsa ndi wopenyetsetsa. Adakhala pansi naonerera zithunzi za kanema za nkhonya za Joe, mobwerezabwereza, mpaka adapeza kampata: Joe akaponya chibakera chakumanzere, ankatsitsa pang'ono dzanjalo polibweza, chibwano n'kukhala poyera. Nthawi yomweyo Joe, atatopa ndi matamando, ankathera masiku ku masewera a gofu m'malo mokonzekera, ngakhale Blackburn adamudzudzula.

Adakomana pa 19 Juni, 1936, pa bwalo la Yankee Stadium ku New York. M'ndime yachinayi Schmeling adalowetsa dzanja lake lamanja pa kampata kaja, ndipo Joe adagwa pansi koyamba chiyambire kumenya nkhonya za ndalama. Adadzuka, napirira ndime zina zisanu ndi ziwiri nkhope ili yotupa, osadziwa bwino kumene ali. M'ndime ya 12 adagwanso, ndipo woyimbira adawerenga mpaka khumi iye asanadzuke. Usiku umenewo ku Harlem, dera la anthu akuda la New York, amuna akuluakulu adalira misozi m'misewu ngati pa maliro. Schmeling adabwerera kwawo pa chombo cha mumlengalenga chotchedwa Hindenburg, nalandiridwa ndi Adolf Hitler. Boma la chipani cha Nazi lidalengeza kuti kupambanaku kwatsimikiza chiphunzitso chawo chakuti mtundu wawo uposa mitundu yonse.

Mwachilungamo, woyenera kulimbirana lamba ndi ngwazi ya nthawiyo, James Braddock, adali Schmeling, ndipo pangano lidalipo. Koma amalonda a nkhonya ku America adaopa kuti lamba akapita ku Germany sadzabwerako. Braddock adalonjezedwa gawo limodzi mwa magawo khumi a phindu la Mike Jacobs, wokonza nkhonya za Joe, kwa zaka khumi, ndipo adaphwanya panganolo. Schmeling adafika ku New York, nakwera pa sikelo pa tsiku loikika, koma womenyana naye sadaoneke. Apa Mjeremaniyo adalakwiridwa ndithu. Pa 22 Juni, 1937, ku Chicago, Joe adagwetsedwa m'ndime yoyamba, nadzuka, natsiriza Braddock m'ndime yachisanu ndi chitatu. Adakhala ngwazi ali ndi zaka 23, koma iye mwini adakana kudziyesa ngwazi yeniyeni kufikira atagonjetsa munthu uja adamugwetsa.

Tsiku lidafika patapita chaka chathunthu, pa 22 Juni, 1938, pa bwalo lomwe lija. Pamenepo Hitler adali atameza kale dziko la Austria, ndipo fungo la nkhondo lidali ponseponse. Anthu oposa 70,000 adadzaza bwalo, ndipo mamiliyoni ambiri adazinga mawayilesi ku America, ku Germany ndi m'maiko ena. Schmeling polowa adamuponyera zinyalala. Chodabwitsa n'chakuti Azungu ambiri a ku America, amene sakadalola Joe kudya nawo pa tebulo limodzi kapena kugona mu hotela yawo, usiku umenewo adaika chiyembekezo cha dziko lawo m'manja mwa mdzukulu wa akapolo. Belu litalira Joe sadampatse mdani wake mpata wodikira kampata. Adamukankhira ku zingwe namusambitsa zibakera, ndipo chimodzi chidatera m'mbali mwa msana, Schmeling nakuwa ndi ululu. Adagwa katatu. Mphunzitsi wake, Max Machon, adaponya thaulo m'bwalo, ndipo woyimbira Arthur Donovan adaimitsa nkhonyayo itangotha mphindi ziwiri ndi masekondi anayi. Schmeling adagona m'chipatala ku New York, fupa la msana litasweka, ndipo pobwerera kwawo akuluakulu a boma aja sadamuthamangirenso.

Anthu a masiku amenewo adamuyesa Schmeling mtumiki wa Hitler, ndipo n'zoona kuti adadya nawo ulemu wa boma loipalo, najambulitsa ndi atsogoleri ake. Komabe sadalowe chipani cha Nazi, ndipo adakana kuchotsa mkulu womuyang'anira ku America, Joe Jacobs, amene adali Myuda. Mu Novembala 1938, usiku umene nyumba zopemphereramo ndi masitolo a Ayuda zidatenthedwa ndi kuphwanyidwa m'dziko lonse la Germany, iye adabisa anyamata awiri achiyuda, Henri ndi Werner Lewin, m'chipinda chake mu hotela ya Excelsior ku Berlin. Sadauze dziko. Nkhaniyi idamveka mu 1989, pamene Henri Lewin mwini adaiulula ku Las Vegas. Pa nkhondo Schmeling adalembedwa usilikali m'gulu la odumpha m'ndege, ndipo adatsikira pa chilumba cha Crete mu 1941.

Joe adasunga lamba kuyambira 1937 mpaka 1949, nautchinjiriza maulendo 25, ndipo palibe wina pa gulu la olemera amene adafikapo pa chiwerengero chimenechi. Amene adatsala pang'ono kumulanda ndi Billy Conn mu Juni 1941, yemwe adatsogola mpaka ndime ya 12 koma nagwa m'ndime ya 13. America italowa nkhondo, Joe adamenyana ndi Buddy Baer pa 9 Januwale, 1942, napereka malipiro ake ku thumba lothandiza mabanja a asilikali a pamadzi. M'mawa mwake adakalembetsa usilikali. Mu Malichi adachitanso chimodzimodzi pa nkhonya yake ndi Abe Simon, napereka ndalamazo ku thumba la asilikali a pamtunda. Gulu lankhondo limene adalowalo linkalekanitsa akuda ndi oyera pogona ndi pakudya. Asilikali a K.A.R. ochokera ku Nyasaland, amene zaka zomwezo ankamenya nkhondo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma pansi pa maofesala achizungu, akadamumvetsa bwino. Joe sadapite kutsogolo kwa nkhondo. Ntchito yake idali yoyendera misasa ndi kuonetsa nkhonya zosangalatsa asilikali. Koma adagwiritsa ntchito dzina lake mwakachetechete, ndipo ku Fort Riley adathandiza Jackie Robinson ndi anzake akuda kulowa sukulu ya maofesala imene ankawatsekera.

Zimene boma lidamubwezera n'zomvetsa chisoni. A msonkho adawerengera ndalama zija adapereka mwaulere ngati phindu lake, namulipiritsa. Nayenso sadali wosunga chuma: ankagawira achibale, abwenzi ndi aliyense womudandaulira, ndipo adabweza kwa mzinda wa Detroit ndalama za chithandizo zimene banja lake lidalandira pa zaka za umphawi. Ukwati wake ndi Marva udatha. Atapuma mu Malichi 1949, ngongole ya msonkho idaposa madola 500,000, ndipo chiwongoladzanja chidaikweza kupitirira miliyoni imodzi. Ngongoleyo ndiyo idamubweza m'bwalo thupi litatopa. Ezzard Charles adamugonjetsa mu 1950, ndipo pa 26 Okutobala, 1951, Rocky Marciano adamutulutsa kunja kwa zingwe m'ndime yachisanu ndi chitatu. Pa nkhonya 69 za ndalama adagonja zitatu zokha. Mwana wa olima pa nthaka ya eni adapezekanso ali pa thangata wa mtundu wina, ndipo adafika pochita masewera ogwetsana kuti apeze ya msonkho.

Schmeling naye nkhondo idamusiya manja ali m'khosi. Adamenyanso nkhonya zingapo mu 1947 ndi 1948 kuti apeze poyambira, ndipo pambuyo pake adalemera ndi malonda a Coca-Cola ku Hamburg. Mu 1954 adapita ku America nakafuna Joe ku Chicago. Amuna awiriwo, amene maboma adawasandutsa mbendera za udani, adakhala pansi nacheza, ndipo ubwenzi wawo udakhalitsa kufikira imfa. Pa masiku a usiwa wa Joe, Schmeling adamuthandiza ndi ndalama.

Zaka zotsiriza za Joe zidali zolemera. Adagwa m'mankhwala ozunguza bongo, mutu wake udasokonezeka, ndipo mu 1970 adagonekedwa m'chipatala ku Denver. Mkazi wake wotsiriza, Martha, amene adali loya, adamusamala. Atapezako bwino adalembedwa ntchito yolonjera alendo pa hotela ya Caesars Palace ku Las Vegas. Mu 1977 adachitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda pa njinga ya olumala. Pa 11 Epulo, 1981, adamutengera ku bwalo kukaonerera Larry Holmes akumenyana ndi Trevor Berbick, ndipo m'mawa mwake, pa 12 Epulo, adamwalira ali ndi zaka 66. Pulezidenti Ronald Reagan adalamula kuti aikidwe mwaulemu wa asilikali ku manda a Arlington, kufupi ndi Washington. Mu 1986 mzinda wa Detroit udalandira chosema chachikulu cha mkono wofumbata chibakera, chimene chidaimikidwa pakati pa mzindawo pomukumbukira.

Schmeling adakhalabe ndi moyo zaka zina 23. Adamwalira pa 2 Febuluwale, 2005, ali ndi zaka 99, ndipo adaikidwa ku Hollenstedt, kufupi ndi Hamburg, pambali pa mkazi wake Anny Ondra, amene adamukwatira mu 1933.