Admiral Rickover, Mwana wa Telala Amene Analowetsa Nyukiliya M'sitima

Pa 17 January 1955 sitima ya nkhondo yoyenda pansi pa madzi, dzina lake Nautilus, inanyamuka ku Groton m'dziko la America, ndipo inali yoyamba pa dziko lonse kuyenda ndi mphamvu ya nyukiliya. Amene anaumirira ntchitoyi kufikira itatheka anali Hyman Rickover, wantchito wa Boma amene akuluakulu ake sanali kumkonda. Mbiri yake iyenera kudziwika kwa onse osenza udindo, kaya ndi kalaliki wa pa boma la Ntchisi, kaya ndi mphunzitsi wa ku Kasakula.

Rickover anabadwa m'chaka cha 1900 ku Poland, m'banja la Ayuda osauka, ndipo atate wake anali telala. Banjalo linasamukira ku America m'chaka cha 1906. Mnyamatayo anatsiriza maphunziro pa sukulu ya ankhondo a pamadzi ku Annapolis m'chaka cha 1922, naphunziranso za magetsi. Kuyambira 1929 anatumikira m'sitima za pansi pa madzi za masiku amenewo, nadzionera yekha kufooka kwake. Injini zake za dizilo zinafuna mpweya, kotero pomira zinadalira mabatire amene sanali kukhalitsa, ndipo sitima ikatumphuka kuti iwadzaze, adani anali kuiona.

M'chaka cha 1946 Boma linamtumiza ku Oak Ridge kukaphunzira za nyukiliya, ndipo kumeneko anapeza yankho. Ng'anjo ya nyukiliya sifuna mpweya. M'kati mwake muli uranium, mtundu womwewo wa mwala umene unayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga m'chaka cha 2009. Uranium itenthetsa madzi opanikizidwa kwambiri kuti asawire. Madzi amenewo atenthetsa madzi ena a m'mipope ina, ndipo nthunzi yake ndiyo izungulitsa makina oyendetsa sitima. Nautilus inali yotalika mamita 98, ndipo kutsogolo kwake kunali mipope 6 yoponyera mabomba oyenda m'madzi otchedwa torpedo. M'chaka cha 1955 inayenda makilomita oposa 2,000 osatumphuka, ndiko kunena mtunda wopambana katatu kutalika kwa nyanja yathu ya Malawi. Pa 3 August 1958 inadutsa pansi pa madzi oundana a ku North Pole.

Ngakhale zinali choncho, akuluakulu a nkhondo anamkaniza kawiri kukwezedwa pa udindo, pakuti anali munthu waukali ndi wosanyengerera. Akadapuma pa ntchito Nautilus isanathe, koma aphungu a Nyumba ya Malamulo anamuimira, ndipo anakwezedwa m'chaka cha 1953. Ofesala aliyense wofuna kugwira ntchito m'sitima za nyukiliya anali kufunsidwa mafunso ndi Rickover mwini wake. Mmodzi wa iwo anali Jimmy Carter, amene pambuyo pake anakhala Pulezidenti. Sitima yatsopano ikamapita kukayesedwa koyamba, iye anali kukwera nawo, kuti ngati pali cholakwa amire pamodzi ndi anyamata ake. Chifukwa cha kusamala kotere chinaoneka pa 10 April 1963, pamene sitima ya Thresher inamira ndi anthu 129 poyesedwa m'madzi akuya, ndipo malamulo a kamangidwe anakhwimitsidwa.

Imodzi mwa ntchito zake zazikulu zotsiriza inali sitima za mtundu wa Los Angeles, zosaka sitima za adani ndi kuperekeza zombo zonyamula ndege. Pozindikira kuti sitima za Soviet Union zinali zaliwiro, Rickover analimbikira kuti za mtundu umenewu zikhale ndi ng'anjo yamphamvu koposa. Yoyamba inayamba ntchito m'chaka cha 1976, ndipo zonse zinamangidwa 62. Iliyonse ndi yotalika mamita 110, ndipo ili ndi mipope 4 ya torpedo. Zotsiriza kumangidwa zinawonjezeredwa mipope 12 yoimirira yoponyera mizinga ya Tomahawk, imene inagwiritsidwa ntchito pa nkhondo ya ku Iraq m'chaka cha 1991.

Rickover anapumitsidwa pa ntchito m'chaka cha 1982 atatumikira zaka 63. Potsazika aphungu, anawauza poyera kuti sanali kunyadira zida zimene anapanga, ndi kuti anazipanga chifukwa chitetezo cha dziko chinatero. Iye sanali wopanda banga, pakuti m'chaka cha 1985 Boma linamdzudzula chifukwa cholandira mphatso kwa kampani yomanga sitima, ngakhale kuti iye yemweyo anatsutsana nayo kwa zaka zambiri pa ndalama zimene inali kulipiritsa Boma. Anamwalira pa 8 July 1986, naikidwa ku Arlington. Pa zaka zonse zimene anayang'anira ntchitoyi, palibe ng'anjo ya m'sitima zake ndi imodzi yomwe imene inachita ngozi yotulutsa poizoni wa nyukiliya.