Matafale: Zimbale Ziwiri Zokha, Koma Kuimba Kukupitirira

Anzanga, ambirife tinabadwa Evison Matafale atamwalira kale, komatu Watsetsereka kapena Yang'ana Nkhope ikangolira m'minibasi mumapezeka mukuimba nawo ngati munkamudziwa.

Kodi mukudziwa kuti mkuluyu anangotulutsa zimbale ziwiri? Kuimba 1 mu 1999, Kuimba 2 mu 2001, basi. Anabadwa mu 1969, kwawo kunali ku Chileka, ndipo ndi amene anayambitsa gulu la Black Missionaries limodzi ndi abale ake a kwa Fumulani. Rege anthu ankaimvera kale kuno, koma iye anaithira Chichewa chakuya ndi mawu a m'Baibulo, n'kumafunsa za umphawi ndi chilungamo mopanda mantha. Kwa ine, apa mpamene rege inasiya kukhala ya ku Jamaica kokha.

Kulimba mtima komweko kunamuika m'mavuto. Mu Novembala 2001 anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo pa 27 mwezi womwewo anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Anali ndi zaka 32 zokha.

Magulu ambiri amatha mtsogoleri akapita. Ma Blacks ayi ndithu. Musamude Fumulani anatola maikolofoni, iyenso atamwalira mu 2007 Anjiru anapitiriza. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti dzina la chimbale sanalisinthe, amangowonjezera nambala: Kuimba 3, Kuimba 4, mpaka kudutsa 10. Mukafuna kudzionera nokha, pitani ku Chileka kumapeto kwa Novembala pa chikumbutso chake, mukaone khamu lake.