Estere, Mwana Wamasiye Amene Anaimira Mtundu Wake

Amai anzathu, tikawerenga buku la Estere kuyambira mutu 1 kufikira mutu 10, sitipezamo dzina la Mulungu ngakhale kamodzi. Koma dzanja lake silibisika m'menemo.

Estere, amene dzina lake la Chiyuda linali Hadasa, anali mwana wamasiye. Atamwalira makolo ake anamlera Moredekai, wachibale wake, mu mzinda wa Susani m'dziko la Perisiya. Mfumu inali Ahaswero, wolamulira maiko 127. Itachotsa mkazi wake Vasiti, m'chaka cha 7 cha ufumu wake inasankha Estere kukhala mfumukazi. Iye sanaulule kuti ndi Myuda.

M'chaka cha 12, Hamani, nduna yaikulu, anapsa mtima poona kuti Moredekai samgwadira. Anachita maere, nalembetsa lamulo lakuti Ayuda onse, akazi ndi ana omwe, aphedwe pa 13 mwezi wa Adara. Moredekai anatumiza mau kwa Estere kuti akawapepesere. Koma wolowa kwa mfumu osaitanidwa anali kuphedwa, ndipo Estere anali atakhala masiku 30 osaitanidwa. Tsono anapempha Ayuda a m'Susani kuti asale kudya masiku 3 pamodzi ndi iye ndi anamwali ake. Tsiku lachitatu analowa, ndipo mfumu inamloza ndi ndodo yake yagolide, napulumuka.

Usiku womwewo mfumu inasowa tulo. Poiwerengera buku la mbiri, inamva kuti kale Moredekai anaulula chiwembu cha adindo awiri ofuna kuipha, koma sanalandire mphotho. M'mawa mwake inamlemekeza, ndipo paphwando Estere anaulula za Hamani. Munthu uja anapachikidwa pa mtengo wa mikono 50 umene anakonzera Moredekai. Lamulo latsopano linalola Ayuda kudziteteza, napulumuka. Kufikira lero amakumbukira zimenezi pa chikondwerero cha Purimu.

Ife pa chikondwerero chathu tikumbukire kumene chipulumutsochi chinayambira: m'nyumba ya munthu amene analandira mwana wamasiye. Moredekai sanadziwe kuti akulera mfumukazi. Ambiri a ife tili ndi ana otere pakhomo, ndipo nthawi zina ufa umachepa. Tisawaone ngati katundu wolemetsa, pakuti sitidziwa chimene Mulungu wawakonzera. Ndiponso Estere sanasale yekha. Mnzathu akakhala pa vuto, tigwade naye pamodzi.