Henri Dunant, Munthu wa ku Geneva Amene Sanalambalale

Kuwerenga: Luka 10:25-37

Ana ambiri a m'kalasi mwanu anaonapo chizindikiro cha mtanda wofiira, kapena pa galimoto yonyamula odwala, kapena pa malaya a anthu ogawa thandizo pa nthawi ya madzi osefukira. Yambani phunziro powafunsa kumene anachiona. Akayankha, muwauze kuti ntchito imeneyi inayamba ndi munthu amene sanali dokotala kapena msilikali, ndiponso panalibe amene anamtuma.

Henri Dunant anabadwa pa 8 May 1828 ku Geneva, m'dziko la Switzerland, mumzinda womwe uja m'mene John Calvin anaphunzitsamo Mau a Mulungu. Makolo ake anali a mpingo wa chiphunzitso cha Calvin, monga ife. Atate ake ankathandiza ana amasiye ndi anthu otuluka m'ndende, ndipo amai ake ankayendera odwala ndi amphawi. Kusukulu Henri sankakhoza bwino, kotero anachoka osatsiriza, nakaphunzira ntchito ya m'banki. Mfundo imeneyi musaidumphe, aphunzitsi, pakuti ana otere muli nawo. Ali ndi zaka 18 analowa m'bungwe lothandiza osauka. Iye ndi anyamata anzake ankasonkhana Lachinayi kuwerenga Baibulo, ndipo nthawi yake yopuma ankaithera kundende, kucheza ndi akaidi. Mu 1852 anayambitsa bungwe la anyamata achikhristu la YMCA ku Geneva.

Atakula anayamba malonda a zigayo ku Algeria. Pofuna chilolezo cha madzi oyendetsera zigayozo, anaganiza zokaonana ndi mfumu ya ku France, Napoleon III, imene inali kunkhondo ku Italy. Ulendo wake unali wa malonda basi.

Koma pa 24 June 1859 kunachitika nkhondo yoopsa pa Solferino, pamene ankhondo a France ndi Sardinia anamenyana ndi a Austria. Pakutha pa tsikulo anthu pafupifupi 40,000 anali atafa kapena kulasidwa, ndipo madokotala anali owerengeka. Dunant anapeza ovulala atadzaza m'tchalitchi chachikulu cha m'mudzi wa Castiglione, ena ali gone m'misewu, akulira ndi ludzu. Akanatha kupitirira ulendo wake, ndipo palibe akanamdzudzula. Iye anaima. Anasonkhanitsa amai ndi atsikana a m'mudzimo kuti azitunga madzi, kutsuka mabala ndi kudyetsa odwala. Anagula nsalu ndi zofunika zina ndi ndalama za m'thumba mwake. Anapemphanso akulu a nkhondo kuti amasule madokotala a ku Austria amene anagwidwa, kuti nawonso athandize. Chachikulu koposa n'chakuti amai aja sanasankhe: msilikali wa mdani anamwa madzi m'chikho chomwecho. Pamenepa bwererani ku Luka 10, ndipo ana anene okha chimene chikufanana.

Atabwerera kwao, zimene anaona zinamsowetsa mtendere. Mu 1862 analemba buku lofotokoza za Solferino, nalisindikiza ndi ndalama zake, nalitumiza kwa mafumu ndi akulu a maiko. M'bukumo anapempha kuti dziko lililonse likhale ndi anthu odzipereka, ophunzitsidwiratu pa nthawi ya mtendere, ndiponso kuti maiko apangane kusachitira choipa ovulala ndi owasamala. Mu February 1863 anthu asanu, mmodzi wa iwo Dunant, anapanga komiti ku Geneva, ndipo pa 22 August 1864 maiko 12 anasaina pangano lija. Umo ndimo linayambira bungwe la Red Cross.

Tsono ana asaganize kuti wochita zabwino zonse zimamuyendera. Dunant anataya mtima wake wonse pa ntchito yothandiza anthu, malonda ake nkumalowa pansi. Mu 1867 anagwa m'ngongole yaikulu, ndipo abale ndi abwenzi amene anaika ndalama zao m'malonda ake anataya chuma. Bwalo la milandu linampeza wolakwa. Tisabise: pa kasamalidwe ka ndalama za ena iye analephera. Anachoka m'komiti ija, nachokanso ku Geneva, osabwererakonso kufikira imfa yake. Ku Paris anasauka kwambiri, nthawi zina nkumagona panja, pamene bungwe limene anayambitsa linali kukula m'maiko ambiri, dzina lake osatchulidwa. Ngakhale zinali choncho, sanaleke kulankhulira akaidi ogwidwa kunkhondo.

Mu 1887 anakakhala m'mudzi waung'ono wa Heiden, ku Switzerland komweko, ndipo kuyambira 1892 anakhala m'chipatala cha m'mudzimo. Ambiri ankayesa kuti anamwalira kale. Mu 1895 mtolankhani wina anampeza nalemba za iye, ndipo dziko linamkumbukira. Mu 1901 analandira mphoto yoyamba ya mtendere ya Nobel, pamodzi ndi Frédéric Passy wa ku France.

Zaka za umphawi zinasiya bala mumtima mwake. Pa ukalamba wake anali wokwiya ndi wokayikira anthu, ndipo anatalikirana ndi mpingo. Ana okulirapo mungawafunse ngati m'mudzi mwao mulibe nkhalamba imene inatumikira anthu kale koma tsopano palibe woiyendera, ndipo mupangane tsiku lokaiona, mutatenga nkhuni kapena ufa.

Ndalama za mphoto zija Dunant sanadyeko. Anakhalabe m'kachipinda kake ka m'chipatala kufikira anamwalira pa 30 October 1910, ali ndi zaka 82. Pa chuma chimene anasiya analamula kuti china chipite kwa amene anamsamala, china ku mabungwe achifundo, ndipo china chilipirire bedi limodzi m'chipatala cha Heiden, loti azigonapo waumphawi aliyense wa m'deralo wosowa cholipira.