Pat O'Dea, katswiri wa mpira yemwe anadzisowetsa

Pat O'Dea anabadwa mu 1872 ku Kilmore, m'dziko la Australia. Ankasewerera timu ya Melbourne mpira wakwawoko, wooneka ngati dzira, womwe amautaya m'manja n'kuumenya ndi phazi.

Mu 1896 anatsatira mkulu wake Andy ku yunivesite ya Wisconsin, n'kuyamba mpira wa ku America. Mwendo wake unadabwitsa anthu: mu 1898, chipale chikugwa, anagoletsa Northwestern ali pamtunda wa mamita pafupifupi 57.

Patapita zaka, munthu wotchukayu anangosowa, ambiri n'kumati anafera ku nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Koma mu 1934 anapezeka wamoyo ku Westwood, California, akugwira ntchito pakampani ya matabwa, akudzitcha Charles Mitchell. Anamwalira mu 1962 ali ndi zaka 90.