Papa Paulo VI ndi Mlandu wa Kulera

Giovanni Battista Montini anabadwa pa 26 September 1897 ku Concesio, m'dziko la Italy. Pokhala mnyamata wodwaladwala, maphunziro a unsembe anawacita alikugona kwao. Anadzozedwa mu 1920, natumikira zaka zambiri m'maofesi a Papa ku Roma. Mu 1954 anakhala Arkiepiskopi wa ku Milan, ndipo pa 21 June 1963 anasankhidwa kukhala Papa, natenga dzina la Paulo.

Pa mpandopo anapeza mlandu wolemera ulikumdikira. Kuyambira kale Mpingo wa Katolika unaphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi asatseke njira ya kubala. Koma mu 1930 maepiskopi a Anglican, atasonkhana ku Lambeth, analola kulera pa zifukwa zoyenera. Ndipo pofika 1960 mapiritsi oletsa pathupi anayamba kugulitsidwa. Papa Yohane XXIII anali ataika anthu 6 kuti afufuze nkhaniyi. Paulo anawaonjezera, naitana madokotala ndi anthu a pabanja omwe.

Mu 1966 ambiri a iwo anamlangiza kuti ciphunzitso cisinthe. Owerengeka anakana, poona kuti kutero ndiko kubvomera kuti Papa Pius XI analakwa m'kalata yake ya 1930; ndipo ngati Papa mmodzi alakwa pa cinthu cotere, adzamvera winayo ndani? Cotero mlandu wa m'banja unasanduka mlandu wa ulamuliro wa Papa.

Paulo anasinkhasinkha zaka ziwiri. Pa 25 July 1968 analemba kalata yochedwa Humanae Vitae, nakaniza mankhwala ndi zipangizo zolerera, koma nalola kuti banja litalikitse ana powerenga masiku a mkazi. Kudandaula kunabuka. Aphunzitsi ambiri a za Mulungu anamtsutsa poyera, ndipo maepiskopi a ku Belgium, Germany ndi Canada anakumbutsa anthu ao za udindo wa cikumbumtima. Iye sanabweze mau ake, koma sanalembenso kalata ina ya mtundu umenewo m'zaka khumi zimene zinamtsalira.

Ciphunzitsoco cinamanga Mkatolika wa m'komboni ya mgodi ku Kabwe monga cinamangira wa ku Roma. Ndipo Kabwe siinali kutali ndi dzanja lake. Tauniyi, ikali kuchedwa Broken Hill, ndiyo inapatsa dzina cigawo ca Mpingo cimene cinakhazikitsidwa mu 1927, cimene pambuyo pake cinachedwa Lusaka. Mu 1969 Paulo anafika ku Kampala, nadzoza maepiskopi 12, mmodzi wa iwo Emmanuel Milingo, amene anakhala mbusa wa Lusaka ndi Kabwe yomwe.

Anamwalira pa 6 August 1978 ku Castel Gandolfo, nachulidwa Woyera pa 14 October 2018. Omutsata ndi omutsutsa sanagwirizane pa kalata ija. Koma tonse tingaphunzirepo kuti uphungu umacokera kwa ambiri, pamene katundu wa ciweruzo amsenza mmodzi, nakayankha yekha pamaso pa Mulungu.