Witold Pilecki: Mlimi amene adalola kugwidwa kuti akaone za ku Auschwitz

M'mamawa wa pa 19 September 1940, asilikali a Germany adatseka misewu ya dera la Żoliborz mumzinda wa Warsaw ku Poland n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo kusaka amuna. Aliyense amene adapeza mpata adaliyatsa liwiro kapena kubisala. Koma m'nyumba ina mudali bambo wa zaka 39 amene adangokhala phee kudikira kuti amutenge. M'thumba mwake mudali chitupa cha munthu wina, Tomasz Serafiński. Dzina lake lenileni lidali Witold Pilecki, mlimi, bambo wa ana awiri komanso msilikali wapakavalo. Patangopita masiku awiri adamutsitsa musitima usiku, n'kumulowetsa pachipata cha ndende ya Auschwitz komwe adamupatsa nambala 4859.

Mukasaka dzina lake pafoni yanuyo, nkhani imene ikutulukireni msanga ndi ya kundendeyi. Koma ine ndikuona kuti munthuyu sitingamumvetse tikadumpha zaka 13 zimene adakhala kumunda, akulimbana ndi ng'ombe, mkaka ndi anthu a m'mudzi.

Pilecki adabadwa pa 13 May 1901 ku Olonets, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Russia, kutali ndi kwawo. Nthawi imeneyo dziko la Poland padalibe pamapu. Russia, Prussia ndi Austria adali atagawana dzikolo ngati nyama ya pamaliro kuyambira mu 1795, ndipo zidakhala choncho zaka 123. Agogo ake aamuna adamenya nawo nkhondo youkira Russia mu 1863, adalephera, ndipo adawapitikitsira ku Siberia zaka 7, malo ambiri a banjali n'kulandidwa. Bambo ake, a Julian, ankagwira ntchito ya zankhalango. Mu 1910 mayi ake adatenga ana n'kukakhala ku Wilno, mzinda umene lero ndi Vilnius, likulu la Lithuania, kuti anawo akule akuyankhula chiyankhulo chawo. Kumeneko mnyamatayu adalowa gulu la masikauti lomwe boma la Russia lidali litaliletsa.

Ali ndi zaka 17, mu 1918, adagwira mfuti koyamba poteteza Wilno. Dziko la Poland lidali litangobadwanso, ndipo nthawi yomweyo lidalowa m'nkhondo ndi Soviet Russia. Pilecki adali m'gulu la asilikali apakavalo lomwe linkazembera adani kumbuyo, ndipo mu August 1920 adamenya nawo nkhondo ya ku Warsaw imene idabweza asilikali a Soviet. Adalandira mendulo ya kulimba mtima kawiri. Nkhondo itatha adabwerera m'kalasi kukamaliza sekondale, kenaka adalowa yunivesite ya ku Wilno kukaphunzira zojambulajambula. Sadamalize. Ndalama zidavuta, bambo ake adadwala, basi adasiya. Adakachitako maphunziro a maofesala apakavalo ku Grudziądz, ndipo mu 1926 adakhala ofesala wa gulu lodikirira, loitanidwa pokhapokha kukavuta.

Chaka chomwecho adatenga udindo wosamalira Sukurcze, malo a makolo ake pafupi ndi tawuni ya Lida. Musaganize kuti adalandira chuma choti n'kungodya. Nkhondo idali itadutsa pamenepo, nyumba itawonongeka, minda itagonera. Mnyamata wa zaka 25 amene ankafuna kukhala wojambula zithunzi adayamba kukonza denga ndi kuwerenga mabuku a zaulimi.

Chimene chimandikoka mtima pa zaka zimenezi n'chakuti sadatukule munda wake wokha. Oyandikana naye adali alimi ang'onoang'ono, wina ng'ombe imodzi, wina ziwiri. Aliyense amene adawetapo ng'ombe yamkaka akudziwa vuto lake: mkaka sudikira. Ukakama m'mawa, pofika madzulo wasasa, ndiye wogula akangotchula mtengo uliwonse umangovomera. Pilecki adasonkhanitsa alimiwo n'kuyambitsa kopaletivi, ndipo adakhala wapampando wa malo osonkhanitsira ndi kukonzera mkaka kuti anthu azigulitsa pamodzi pamtengo wooneka. Adatsogoleranso gulu lodzipereka lozimitsa moto, ntchito yofunika zedi kudera limene nyumba zambiri zidali zamatabwa zofolera udzu. Mu 1932 adayambitsa gulu lophunzitsa anyamata a m'midzi kukwera akavalo ndi kugwira zida. Zonsezi ndi ntchito zotopetsa za misonkhano, kukangana za masenti, kunyengerera munthu wokayika kuti akhulupirire mnzake. Palibe amene amaimbira munthu nyimbo chifukwa cha zoterezi, komabe boma lidamupatsa mendulo yasiliva mu 1938 chifukwa cha ntchito zachitukukozi.

Mu April 1931 adakwatira Maria Ostrowska, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi woyandikana nawo wa Krupa, ndipo adabereka mwana wamwamuna mu 1932, wamkazi mu 1933. Luso lojambula lija sadalitaye, moti adajambula zithunzi zachipembedzo zomwe zidapachikidwa m'tchalitchi cha ku Krupa. Adalinso ndi kavalo wamkazi amene ankamukonda kwambiri, dzina lake Bajka.

Kumapeto kwa August 1939 adamuitana. Adakwera kavalo wake n'kutsogolera anyamata omwe aja adawaphunzitsa yekha. Germany idalowa m'Poland pa 1 September, ndipo pasanathe sabata gulu lawo lidaphwanyidwa ndi akasinja pafupi ndi Piotrków Trybunalski. Bajka adafera komweko. Apa ndiyimeko pang'ono, chifukwa pa intaneti pamayenda nkhani yoti asilikali apakavalo a Poland ankathamangira akasinja ndi mikondo ngati anthu osokonekera mutu. Imeneyo idali nthano yofalitsidwa ndi Germany ndi anzake pofuna kuwanyoza. Kavalo adali galimoto yawo yodutsira m'nkhalango ndi m'matope. Akafika pomenyanirana nthawi zambiri ankatsika n'kumenya ali pansi, ndi mfuti zamphamvu zoboola akasinja. Adagonja chifukwa mdani adali ndi ndege ndi akasinja ochuluka, komanso chifukwa pa 17 September Soviet Union idawalowera kumbuyo, itagwirizana kale mwachinsinsi ndi Hitler zogawana dzikolo.

Munda wa Sukurcze udagwera mbali ya Soviet, ndipo Pilecki sadalimenso pamenepo mpaka imfa yake. Mu 1940 apolisi achinsinsi a Stalin adayamba kulongedza mabanja a maofesala ndi eni minda m'sitima za katundu kupita nawo ku Siberia ndi Kazakhstan. Maria adathawa ndi ana kupita kwa makolo ake ku Ostrów Mazowiecka. Mwa anthu amene sadathe kuthawa, ena adadzamasulidwa patapita nthawi, n'kudutsa ku Iran mpaka kufika kuno ku Africa. Kudali misasa yawo ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ngakhalenso ku Fort Jameson, Chipata wa leroyu.

Pilecki sadavomere kuti nkhondo yatha. Pa 9 November 1939, iye ndi mkulu wake Jan Włodarkiewicz ndi anzawo ena adayambitsa gulu lankhondo lachinsinsi ku Warsaw. M'chaka chotsatira anzawo ena adagwidwa n'kutumizidwa kundende yatsopano kum'mwera, imene idalandira akaidi oyamba 728 pa 14 June 1940. Palibe amene ankadziwa bwinobwino zochitika m'katimo. Padafunika munthu wolowa dala.

Nkhaniyi ikamakambidwa mwachidule amati Pilecki adakweza dzanja yekha. Zenizeni zake n'zokhotakhota pang'ono. Iye adali atasemphana ndi Włodarkiewicz, amene ankafuna kuti gululo litsamire ku ndale zosankha mtundu ndi chipembedzo, pamene Pilecki ankaumirira kuti aphatikizane ndi gulu lalikulu lomvera boma la Poland lomwe lidali ku London. Pambuyo pa mkanganowo, dzina lake ndi limene lidatchulidwa pa ntchito yoopsayi. Adali ndi ufulu wokana. Adaganiza masiku angapo n'kuvomera. Kwa ine zimenezi sizichepetsa ulemu wake ngakhale pang'ono. Munthu amene akudziwa kuti mwina akumukankhira kudzenje, mkazi ndi ana ali moyo, n'kupitabe chifukwa ntchitoyo ikufunikadi munthu, ameneyo ndi wolimba kuposa wa m'nthano uja.

Atangotsika sitima adamenyedwa ndi chibonga mpaka mano awiri kuguluka. Njala, nsabwe, kuzizira ndi zikwapu zinkapha anthu tsiku ndi tsiku. Iye mwini adadwala chibayo, kenaka matenda a typhus, koma adapulumuka. M'kati mwa zonsezo adayamba ntchito imene ankaidziwa kuchokera kumudzi, yosonkhanitsa anthu. Adapanga timagulu ta anthu asanuasanu, ndipo kagulu kalikonse sikankadziwa za kanzake, kuti wina akagwidwa n'kuzunzidwa asathe kuulula onse. Ankagawana chakudya ndi mankhwala, ankalowetsa anzawo ofooka pantchito za m'nyumba monga ukalipentala ndi kuchipatala kuti asafe ndi chisanu, ndipo ankakonzekera tsiku lodzalanda ndendeyo thandizo likadzabwera kuchokera kunja. Pofika 1942 gululi lidali ndi anthu mazanamazana.

Mauthenga ankatuluka bwanji, popeza kudalibe foni kapena kamera? Ankawaloweza pamtima akaidi amene amasulidwa ndi ena othawa. Uthenga woyamba udatuluka mu October 1940, ndipo m'menemo mudali pempho lakuti ndege za Britain zidzaphulitse ndendeyo, ngakhale akaidi ena atafera momwemo. Pempholi lidafika ku London, akuluakulu a ndege zankhondo adalikana kuchiyambi kwa 1941. Mauthenga otsatira adanena za akaidi a Soviet amene adaphedwa ndi mpweya wa poizoni mu September 1941, kenaka za sitima zodzaza ndi Ayuda, amayi ndi ana omwe, amene ankaphedwa ku Birkenau tsiku lomwe afikalo. Pomwe ndendeyi inkamasulidwa pa 27 January 1945, anthu pafupifupi 1.1 miliyoni adali ataphedwa kumeneko, ambiri mwa iwo Ayuda.

Thandizo lija silidabwere. Anzake ankagwidwa mmodzimmodzi n'kuwomberedwa. Ndiye usiku wa pa 26 April 1943, atakhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi 7, adathawa ndi anzake awiri, Jan Redzej ndi Edward Ciesielski. Adadzikonzera ntchito yausiku kubekale ina imene idali kunja kwa mpanda, adadula waya wa telefoni, n'kutsegula chitseko ndi kiyi wosula okha. Panjira adamuwombera paphewa koma adapitirira. Ndipo tamverani izi: kumene adakabisala, ku Nowy Wiśnicz, adakakumana ndi Tomasz Serafiński weniweni, mwini dzina limene adakhala akuyitanidwa nalo zaka zonsezo, ndipo mkuluyo adamusunga m'nyumba mwake. Pilecki adalemba lipoti n'kupempha akuluakulu a gulu lachinsinsi kuti akaukire ndendeyo. Adamuyankha kuti alibe zida ndi anthu okwanira, komanso alibe koti n'kukabisa akaidi zikwizikwi odwala.

Mu August 1944 mzinda wa Warsaw udaukira Germany, nkhondo ya masiku 63. Pilecki, amene tsopano adali kaputeni wa asilikali apakavalo, adalowa ngati msilikali wamba osaulula udindo wake, mpaka pamene maofesala ambiri adafa n'pomwe adayamba kutsogolera. Atagonja adamutsekera kumsasa wa akaidi ankhondo ku Murnau, ku Germany. Atamasulidwa mu 1945 adapita ku Italy kukalowa gulu la General Władysław Anders, ndipo kumeneko adalemba lipoti lake lalitali, la masamba oposa 100, lomwe lero lidasindikizidwa ngati buku.

Akadatha kukhala komweko, monga adachitira anzake ambiri amene adakakalambira ku Britain. Koma mu December 1945 adabwerera ku Poland, dziko limene tsopano linkalamulidwa ndi boma lachikomyunizimu loikidwa ndi Stalin, kuti azitumiza kwa Anders nkhani za anthu amene ankamangidwa ndi kusowetsedwa. Atauzidwa kuti wadziwika ndipo atuluke, adakana.

Adamugwira mu May 1947 n'kumuzunza miyezi yambiri kundende ya Mokotów ku Warsaw. Omuzunzawo sadali a Germany ayi, adali anthu a mtundu wake. Mlandu udayamba pa 3 March 1948, womunamizira ukazitape wa mayiko akunja ndi chiwembu chofuna kupha akuluakulu a chitetezo, ndipo pa 15 March adagamulidwa kuti aphedwe. Nduna yaikulu ya dzikolo nthawi imeneyo, Józef Cyrankiewicz, nayenso adakhalapo mkaidi ku Auschwitz, koma sadamupulumutse. Pulezidenti Bolesław Bierut adakana kumukhululukira. Pa 25 May 1948 adamuwombera kunkhongo, ali ndi zaka 47.

Kwa zaka zoposa 40 dzina lake lidali loletsedwa m'mabuku ndi m'nyuzipepala za ku Poland, ndipo ana ake adakula akutchedwa ana a mdani wa boma. Khoti lidamuyeretsa mu 1990 chikomyunizimu chitagwa. Mu 2006 adapatsidwa mendulo yapamwamba kwambiri ya dzikolo, ya White Eagle, ndipo mu 2013 adamukweza udindo kukhala colonel. Buku la mbiri yake lolembedwa ndi mtolankhani wa ku Britain, Jack Fairweather, lidapambana mphoto ya Costa ya 2019.

Manda ake sadapezeke mpaka lero, ngakhale akatswiri akhala akufukula pakona ina ya manda a Powązki pomwe boma linkataya mitembo ya akaidi usiku. Malo a Sukurcze tsopano ali m'dziko la Belarus, ndipo nyumba imene adaikonza ndi manja ake ija idagwetsedwa nkhondo itatha.